Boti Limene Foni Inakana Kufufuta

Ndinamudziwa Safia tsiku limene ndinapita kukamulalatira. Anthu ena amadziwana ndi moni, koma ine ndi iyeyu sizinatero. Ndinali nditamanga chitenje chothina m'chiuno, ndipo amene anandiona ndikukwera kabaza tsiku limenelo anauzana kuti wina lero aona zakuda.

Dzina langa ndine Enifa, ngakhale padoko pano aliyense amangoti amake Faith. Ndimagula usipa, kuuyanika pamathandala, n'kuutumiza ku Lilongwe. Amuna anga, a Stanley, ndi msodzi wopanda boti lakelake. Amakwera la Che Abdulkarim kukakoka ukonde wa chilimila limodzi ndi anzawo.

Komiti ya padoko pathu ili ndi foni imodzi, ndipo m'foniyo muli pulogalamu imene anapanga Safia, mwana wa mayi Hajara. Boti lisananyamuke, mlembi amalembamo mayina a onse amene akwera. Likabwera, amadina kuti abwera. Asodzi akatera doko lina chifukwa mtengo wa nsomba uli bwino kumeneko, amaimba foni, mlembi n'kudina kuti atera kwina. M'mawa mlembi akatsegula, foni imamuonetsa amene akadali pamadzi, boti ndi boti, ndipo ngati mphepo inavuta komiti imatumiza anthu kukawafuna. Zonse zimasungidwa m'foni momwemo, poti netiweki ya padoko pano imabwera ikafuna yokha.

Tsono kwathu kuno boti likakhala nthawi osapha nsomba, mwini wake amalisintha dzina kuti tsoka lisokere. La Che Abdulkarim linkatchedwa Subira, ndipo Subirayo anali atawasautsa mwezi wathunthu. Tsiku lina boti litanyamuka kale, iwo anapita kwa a Fletcher, amene anali mlembi nthawi imeneyo, n'kuwauza kuti kuyambira lero boti lawo ndi Riziki, wopenta abwera mawa. A Fletcher anachita zimene aliyense akanachita. Anafufuta Subira n'kulemba Riziki.

Kutacha a Stanley sanatulukire. Ndinapita kushedi ya komiti, a Fletcher n'kundionetsa foni ili mbee, pamadzi palibe munthu. Basi ine mtima unapsa. Ndinati bamboyu watera ku Chipoka ndipo akumwa ndi anzake, abwere andipeza. Naye Che Abdulkarim ankayenda akumwetulira, akuti dzina latsopano layamba kale ntchito, anyamata athamangira msika wabwino. Pamene ife tinkaganiza zimenezo, injini inali itafa pakati pa nyanja ndipo anthu ankangotengeka ndi mphepo, akudya usipa wauwisi. Anawakoka ndi asodzi a doko lina amene anangowapeza mwamwayi. A Stanley anafika milomo itang'ambika, akulephera ndi kuima komwe, ine n'kusowa poika mkwiyo umene ndinawasungira. Ndiye ndinaunyamula wonse kupita nawo ku boma.

Safia ankakonza mafoni m'kashopu kena pafupi ndi depoti ya maminibasi. Ndinamupeza ataweramira foni yophwasula, kamtsikana kowonda, mpango wakuda kumutu, magalasi ali pamphuno. Ndinayamba ndili pakhomo. Ndinamuuza za sukulu yake, za foni yake yabodza, za Subira amene anasanduka Riziki, ndi za ana anga amene akanakhala amasiye chifukwa cha masewera ake. Makondakitala anasiya kuitanira anthu n'kubwera kudzaonerera. Iye anangondikankhira kampando, n'kudikira mpaka mpweya unandithera.

"Amake Faith," anatero, "dzina la boti analisintha boti lili kumtunda kapena lili pamadzi?"

"Lili pamadzi. Nanga zimenezo zikukhudzana bwanji?"

Nkhope yake inasintha. Anatseka shopu dzuwa lili pamutu, anamangirira laputopu pakaliyala ya njinga yake, ndipo tinabwerera limodzi kudoko, ine pakabaza iye akupalasa pambuyo.

Kushedi analumikiza foni ku laputopu n'kufufuza kwa kanthawi. Kenako anandiitana n'kundionetsa dzina la amuna anga. Linalipo ndithu, pamodzi ndi la anzawo onse, ndipo pambali pake panalembedwa kuti ali pamadzi.

"Nanga bwanji a Fletcher sanawaone?" ndinafunsa.

Mmene anandifotokozera ndi mmene ndikufotokozerani, ndipo ngati ndalakwitsa pena, wolakwa ndine. M'foni muja muli kadetabesi, kankhokwe kakang'ono kosungira zolemba, dzina lake SQLite. Mkati mwake muli matebulo. Lina ndi la maboti, boti lililonse ndi nambala yake. Lina ndi la anthu, nawonso ndi manambala awo. Lachitatu ndi la amene ali pamadzi, ndipo mzere uliwonse m'menemo umangonena kuti munthu nambala yakuti ali m'boti nambala yakuti. Nambala imeneyo ili ngati chingwe chomangirira munthu ku boti lake, ndipo akatswiri amachitcha foreni kiyi. Foni ikamaonetsa anthu m'mawa, imayamba ndi boti n'kutsatira chingwe kuti ipeze amene ali m'menemo. A Fletcher atafufuta Subira, zingwe zinatsala zikulendewera, zopanda boti, ndipo foni inalibenso poyambira kuti iwapeze.

"Lamulo loti boti lisafufutidwe muli anthu ndinalilemba kuyambira pachiyambi," anatero Safia. "Si ili apa. Koma SQLite sikakamiza lamulo limeneli pokhapokha uiuze, ndipo umayenera kuiuza nthawi iliyonse pulogalamu ikatsegula detabesi. Mlonda ndinamulemba ntchito, amake Faith, koma sindinamudzutse."

Anawonjezera mzere umodzi wokha. Ndinamuuza kuti andionetse, poti ndinkafuna kuona ndi maso anga kanthu kamene kanatsala pang'ono kundisandutsa wamasiye. Kanali aka: PRAGMA foreign_keys = ON. Kenako anandipatsa foni kuti ndiyese kufufuta boti limene linali pamadzi tsiku limenelo. Ndinadina, foni inakana. Ndinadinanso mwamphamvu, inakanabe. Ndinaseka koyamba m'masiku amenewo.

Pamsonkhano wa komiti anthu anabwera atanola mano kuti adye a Fletcher. Safia anaimirira asanayambe n'kunena kuti a Fletcher sanalakwe kanthu, munthu sangaimbidwe mlandu podina chimene foni yamulola kudina, ndipo wolakwa ndi iye amene anaipanga. Anapita kwa a Stanley n'kugwada, n'kupepesa pamaso pa anthu onse. Amuna anga anachita manyazi mpaka kuyamba kumupepesa iyeyo. Ine pamenepo ndi pamene ndinayamba kumukonda mwanayu, ndipo sindinasiye.

Ntchito sinathere pomwepo. Safia anati mlonda akadzuka amaletsa zolakwika zatsopano, koma zimene zinalowa iye ali mtulo sazithamangitsa. Anafunsa detabesi kuti imuonetse mizere yonse yopanda boti, ndipo inatuluka yambirimbiri, poti maboti padoko pano asinthidwa mayina kangapo konse. Iye ankaitcha mizere yamasiye. Tonse tinamuuza kuti aifufute basi, anthuwo anabwera kalekale. Anakana. Anati sangafufute munthu amene foni ikuti ali pamadzi asanamuone ndi maso ake kapena kumva mawu ake. Loweruka lililonse ankapalasa njinga m'midzi ya kwa Maganga akusaka anthu. Wina anamupeza m'munda wa chinangwa, atasiya usodzi kalekale, ndipo atamufunsa ngati anabwerako kunyanja, bamboyo anadziyang'ana miyendo kaye asanayankhe.

A Fletcher anatula pansi udindo, akuti mtima wawo sungapirirenso zotere. Komiti inasankha ine, ati popeza pakamwa ndili napo kale, ndikagwiritse ntchito yothandiza.

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti mlonda wodzuka ndi wosowetsa mtendere. Asodzi ambiri padoko pano ndi aganyu, amabwera lero mawa apita, ndipo amadziwika ndi mayina a padoko. Tili ndi a Mjomba angapo, a Injini awiri, ndi wina amene aliyense amangomutcha Wa ku Nkhotakota. Kale mlembi ankangolemba chilichonse foni n'kulandira. Tsopano ukalemba munthu amene sali m'tebulo la anthu, foni imati munthuyu sakudziwika, mulembetseni kaye. Ndiye taganizani, injini yalira, mwini boti akukuwa kuti anzake apita kale kumene kuli usipa, ine ndagwira mnyamata pamkono ndikumufunsa dzina limene anamupatsa mayi ake ndi mudzi umene tingakauze zikavuta. Ena ankachita kuganiza kaye kuti akumbuke dzina lawo lenileni.

Wovuta kuposa onse anali Hashim, mlongo wake wa Safia, wamng'ono kwa iye. Hashim anali siginala wa boti la Che Abdulkarim, munthu amene amakhala yekha m'bwato ndi nyali zokopera usipa, n'kumauza a m'boti poponya ukonde. Anali ndi maso akuthwa pamadzi ndi pakamwa posatopa kumtunda. Akafika pashedi ankaima mowongoka ngati msilikali.

"Amake Faith, auzeni apongozi anuwo kuti ine Hashim mwana wa Sulaiman ndikupempha chilolezo chokasodza," ankatero akuloza foni. "Achemwali anatipangira apongozi a m'thumba, osaseka, osalandira ndi nsomba yomwe."

Eni maboti anapita ku komiti kukapempha kuti nthawi yonyamuka lamulo lizimasulidwa pang'ono, mayina tizikonza mawa lake. Ndinene zoona, nanenso ndinali mbali yawo, chifukwa amene ankatukwanidwa tsiku ndi tsiku ndinali ine. Safia anamvetsera onse mwaulemu, manja ali pamiyendo.

"Bambo anga, mukafuna ndichotsa pulogalamu yonse, mubwerere kofunsana pakamwa," anatero. "Koma foni yoti izikuuzani kuti pamadzi palibe munthu pamene alipo, imeneyo sindidzakupatsaninso."

Wina anati mwana wamkaziyu ndi wouma mutu ngati bambo ake. Zimenezo zinali zoona. Malemu a Sulaiman ankasoka maukonde padoko pano, ndipo ankamasula ntchito ya tsiku lonse akapeza mfundo imodzi yolakwika. Safia anakulira pamiyendo pawo. Anaphunzira za makompyuta ku Lilongwe, ndipo anzake ambiri anatsalira komweko m'maofesi ozizira. Iye anabwerera bambo ake atamwalira, kuti mayi ake asakhale okha pamene Hashim ali kunyanja. Pulogalamuyi palibe anamutuma. Anaipanga chifukwa anatopa kuona mayi ake ataima pamchenga m'mawa akufunsa aliyense wotsika m'boti ngati waonako mwana wawo. M'malo momasula lamulo, anangofupikitsa kalembetsedwe kuti kazitha msanga, n'kuwonjezera zoti pulogalamu izidzifunsa yokha potsegula ngati mlonda ali maso, ndipo ngati sali maso isatseguke n'komwe. Anthu anang'ung'udza, kenako anazolowera.

Mwera wa chaka chatha simunauiwale amene munali kuno. Tsiku limenelo nyanja inali phee masana onse, maboti n'kunyamuka monga mwa masiku onse. Hashim ndinamulemba ndekha m'boti la Riziki. Mphepo inawapeza ali kutali. Kutacha maboti anayamba kufika limodzilimodzi, ena akuimba kuchokera kumadoko ena, ine ndikudina, mayina akuchoka pagalasi la foni. Riziki inafika dzuwa litakwera, a Stanley ali momwemo, koma palibe amene ankandiyang'ana kumaso. Anati mafunde anawalekanitsa ndi bwato la siginala, anaona nyali zake kwa kanthawi, kenako sanazionenso.

Foni inagwira ntchito yake. M'mawa womwewo tinadziwa amene akusowa ndi boti limene anali nalo, ndipo maboti onse amene anali ndi mafuta anabwerera kukamufuna. Bwato linapezeka litagadabuka. Hashim sanapezeke, ngakhale anthu anayenda gombe lonse mpaka kutali.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndikamaliza kudina obwera, pagalasi pankatsala boti limodzi ndi dzina limodzi. Pulogalamu inali ndi mayankho awiri okha, wabwera kapena watera kwina, ndipo palibe limene ndikanadina. Mayi Hajara anayamba kubwera kushedi tsiku ndi tsiku. Ankandipatsa moni, n'kukhala pabenchi, n'kunena kuti, "Mwanangu, tandionetsa." Ndinkawapatsa foni. Kuwerenga sadziwa kwenikweni, koma dzina la mwana wawo amalizindikira. Ankaliyang'ana kwa kanthawi, n'kundibwezera foni, n'kumapita. A shehe anawauza kuti ilipo swala imene amapempherera munthu amene thupi lake silinapezeke, koma iwo anakana. Anati foni ya Safia ikuti mwana ali pamadzi, ndipo foni imeneyo sinama. Safia ankadziwa zonsezi. Ankabwerabe Loweruka kudzaona ngati pulogalamu ikuyenda bwino, koma galasi la m'mawa sankalitsegula.

Miyezi inapita, mvula inayandikira. Tsiku lina Che Abdulkarim anabwera kushedi atavula chipewa. Munthuyu anali atatha. Chichitikireni ngozi ija sankagona bwino, ndipo anali ataganiza zosiya za nyanja kuti akalime mpunga ku Chinguluwe kwa abale a akazi awo. Boti anali atapeza woligula wa doko lina, koma lamulo la makomiti ndi loti boti silingalembedwe madoko awiri. Lichoke kaye kwathu, komiti yathu itsimikize, ndiye lilembedwe uko. Ndinatsegula foni, ndinapeza Riziki, ndinadina kufufuta. Foni inati boti ili lili ndi munthu pamadzi.

Tinayang'anana. Bambo wamkulu uja anakhala pansi pamchenga n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Ndinamuimbira Safia, ndipo anabwera masana omwewo. Ine ndinali nditaganiza kale mochenjera, poti zaka zimenezi ndaphunzirako kanthu.

"Mzere uja ndimaukumbuka," ndinatero. "Pamene pali ON ulembepo OFF kwa kamphindi, tifufute boti, ubwezeretse. Akudziwa ndani?"

"Ndiye Hashim akhala ngati a Stanley tsiku lija," anayankha. "Alipo m'kati, koma wopanda boti, wosaoneka kwa wina aliyense. Mawa amayi akabwera muwauza kuti wapita kuti?"

Ndinali ndi nzeru yachiwiri, ndipo imeneyi ndinkainyadira. Ndinati tilembe boti latsopano, loti kulibe, tilipatse dzina lililonse, timusamutsire Hashim m'menemo. Riziki ikhala yopanda munthu, ifufutika bwinobwino, Che Abdulkarim apita ku mpunga wawo, mayi Hajara apitiriza kuona dzina la mwana wawo, ndipo mlonda sitimugoneka n'komwe.

Ndinaona kuti nzeruyo yamulowa Safia, ndipo ankaifuna.

"Foni ivomera," anatero pomaliza. "Iyo imangoona ngati nambala ya boti ili m'tebulo. Zoti botilo lili ndi matabwa kapena ayi siingadziwe. Koma ine ndidziwa, amake Faith. Ndikhala nditamuika mlongo wanga m'boti labodza kuti amayi aziyenda ulendo umenewu mpaka imfa yawo." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi mpango. "Ndinaumiriza doko lonse kunena zoona nthawi imene zinkawavuta. Lero zavuta kwathu."

Anandipempha kuti ndimuperekeze kwa mayi ake, ati kutseka ulendo ndi ntchito ya mlembi. Ndinapita naye. Tinawapeza mayi Hajara pakhonde akusankha mpunga m'lichero. Safia anakhala pamphasa pafupi nawo, laputopu pamiyendo, foni pambali.

"Amayi, Che Abdulkarim agulitsa boti. Foni ikukana kulichotsa chifukwa Hashim akadali m'menemo."

"Ikane. Ikunena zoona."

"Ndinaiphunzitsa kukana ndine, amayi. Za Hashim sidziwa kanthu. Ikungobwereza zimene amake Faith analemba tsiku limene ananyamuka."

Ndinafuna kuti nthaka ing'ambike ndilowe. Mayi aja anapitiriza kusankha mpunga, akutaya timiyala kumbali, osadzutsa mutu.

"Ukuyesa sindikudziwa?" anatero. "Ndinabadwira panyanja pano ine. Munthu sakhala pamadzi kuchokera nthawi ya mwera mpaka mvula. Koma tayenda m'mudzi muno umve ngati alipo amene akutchula dzina lake. Akandiona amasintha nkhani. Manda alibe oti ndikaimepo. Malo amene atsala ndi dzina la mwana wanga ndi m'kafoni kakoko, ndiye lero wabwera kuti umuchotsenso m'menemo?"

Safia analira. Zaka zonsezi, ngakhale tsiku limene bwato linapezeka, ndinali ndisanaone msozi wake. Analira ngati kamwana, mutu uli paphewa la mayi ake, mpunga n'kutayikira pamphasa. Nanenso ndinalephera kudzigwira.

Atatonthola, Safia anawafotokozera mayi ake. Anati ulendo ukatsekedwa dzina silifufutidwa. Limachoka pa amene tikuwadikira n'kupita m'tebulo la mbiri, limodzi ndi tsiku ndi dzina la boti, ndipo m'menemo palibe amene angalichotse. Anati vuto ndi loti popanga pulogalamu anaika mayankho awiri okha, chifukwa lachitatu sankafuna kuliganizira.

"Ndiyenera kulilemba lero, amayi, ndipo mawu ake ndilibe. Ndilembe kuti wamwalira?"

"Sindinamuone akusambitsidwa. Usalembe zimenezo."

"Kuti wasowa?"

"Imasowa ndi mbuzi." Anayang'ana kubwalo. "Lemba kuti watsala m'nyanja."

Safia analemba pa laputopu, akulakwitsa n'kubwereza. Analumikiza foni, ndipo pansi pa wabwera ndi watera kwina panaoneka yankho lachitatu. Anandipatsa foni monga mlembi, koma ine dzanja linakana. Anaitenganso, anawaonetsa mayi ake dzina lija komaliza pamalo amene analizolowera, n'kudina yekha. Mayi Hajara ananena chapansipansi mawu amene Asilamu amanena pa imfa, kenako anauza Safia kuti atume munthu kwa a shehe, Lachisanu amupempherere mwana.

Tinabwerera kushedi tikuyenda pansi, iye akukankha njinga. Che Abdulkarim anali pomwe tinawasiya. Anatiyang'ana m'maso.

"Mwanangu, undikhululukire," anatero.

"Palibe mlandu, bambo. Amake Faith, chotsani boti."

Ndinapeza Riziki m'tebulo la maboti. Safia anaima pambali panga, maso ali pagalasi, mpweya ataugwira, ndipo ndinazindikira kuti mwanayu akudikira kuti foni ikane. Ndinadina. Sinakane.